Pita, Koma Usasuzumire M'chingwe

Kwa Mponda, Mangochi

Hawa mwana wanga,

Salaam aleikum. Ndikulemba dzuwa lili pamutu, pakhonde la kuseri, chifukwa diso langa lotsalali siligwirizana ndi nyali. Zilembo waziona wekha kukula kwake, ngati za mwana wa sitandade wani, ndipo usaseke. Ndikudziwa kuti tikugona nyumba imodzi, ndikanatha kungokuitana n'kukuuza pakamwa. Koma umandidziwa iwe. Ndikayamba nkhani ya amalume ako mawu amandikwera okha, ndipo mpanda wathuwu ndi wa udzu, oyandikana nafe amamva zonse. Choncho werenga kalatayi lero, ukaiwerengenso mawa uli m'basi ya ku Blantyre, pakuti basi imeneyo ukwera.

Dzulo unalipo pamene amalume ako Che Twaibu anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango. Unamva ndi makutu ako. "Alamu," anatero akundiloza ndi nsonga ya ambulera, "inu pano ndinu mkamwini. Hawa ndi wa mbumba yanga, ndipo ine ndati sapita. Ntchito ya zingwezi inakudyani diso tonse tikuona, lero mukufuna idyenso la mwana? Akangokwera basi ameneyu, inunso mumange katundu wanu, muzipita kwanu ku Katuli." Mayi ako anangoyang'ana pansi, kumapindapinda nsonga ya chitenje. Ine sindinayankhe, chifukwa ndikanayankha pamenepo bwenzi lero tili kwa shehe kukapepesana. Koma mawu awowo sanandipweteke kwenikweni. Chimene chandipweteka ndi cha m'mawa uno, pamene unandichingamira ndikuchokera kumzikiti n'kunena kuti, "Ababa, ine ndingokhala. Sindingapite kukoleji inu n'kuthamangitsidwa m'nyumba imene munamanga nokha." Unanena mwaulemu, utagwada, koma ine mtima unandiwira. Ndakwiya nawe, Hawa, ndipo ndikukuuza poyera. Malo amene wapezawo, oti ukaphunzire ntchito ya faiba, zingwe za intaneti zija, n'kumaigwira uli pomwepo, sunawatole panjira. Suwataya chifukwa cha njerwa zanga.

Ndiyambe ndi lilime langa. Pamene ndinkalowa ntchito ya matelefoni, ndevu zisanamere bwino, Mangochi yense ankayankhula pa waya wa kopa. Mawaya awiri ankayenda pamapolo kuchokera pa boma kupita kuchipatala, kupolisi, kumasitolo ndi kumahotela a kunyanja, ndipo pa mawaya awiriwo pankadutsa anthu awiri okha, wachitatu ankadikira. Mvula ikagwa, mawu ankathetheka ngati nsomba m'mafuta. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchito analibe nazo ntchito zipangizo zoyesera. Ankangoika nsonga ya lilime pa waya, akamva kuluma pang'ono n'kunena kuti muli moyo. Ine ndinatengera zomwezo, ndipo ndinkanyada nazo pamaso pa anzanga. Tsiku lina ndili pamwamba pa pholo pafupi ndi mlatho, lilime lili pa waya, munthu wina kwinakwake anaimba nambala yomweyo. Magetsi oliza belu si osewera nawo. Ndinadziluma, ndinatsetsereka pholo lonse ndi chifuwa, ndipo ndinakhala masiku ndikumwa phala la madzimadzi, osatha kutchula bwino ngakhale dzina langa. Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti, inenso nditachira ndinaseka nawo, n'kubwereranso kunyambita mawaya. Ndinkakhulupirira kuti thupi langa limadziwa kuposa mita yoyesera magetsi. Iwe usadzatero. Akakupatsa chipangizo choyesera, yesa ndi chipangizo, ngakhale akuluakulu a pantchito azikuseka kuti ndiwe wamantha.

Kenako zinthu zinayamba kuthamanga. Akuba anazindikira kuti kopa amagulitsika, moti tinkamanga waya lero, mawa n'kupeza mapolo okhaokha. Kunabwera mafoni a m'manja ndi nsanja zake pamapiri, ndipo tinkati nthawi ya zingwe yatha, zonse zizidutsa mumphepo. Tinanama. Anthu atayamba kutumizirana zithunzi ndi kuonerana nkhope pafoni, mphepo yokha inalephera kusenza katunduyo, nsanja zija n'kuyamba kufuna chingwe choti chiziwatengera katundu kutali. Ndi mmene faiba inafikira kuno, m'ngalande zimene anthu anakumba ndi mapiki m'mbali mwa msewu. Tsiku loyamba kuisenda ndinapukusa mutu. M'kati mwa chingwe chakuda chonsecho munali timaulusi ta galasi, kuonda kwake ngati tsitsi, ndipo anatiuza kuti mmenemo simuyenda magetsi, muyenda kuwala. Kampani inasankha amuna oti apite ku Blantyre miyezi ingapo kukaphunzira, ndipo dzina langa linalipo.

Sindinapite. Mvetsa bwino apa, chifukwa kalata yonseyi yagona pamenepa. Inali nthawi yodzala, iwe uli wamng'ono, ndipo Che Twaibu omwewa, pansi pa mtengo womwewo, ananena kuti mkamwini wosiya munda wa mkazi wake mvula itagwa sakudziwa chimene anadzera pamudzi. Ndinaopa mawu. Ndinaopa kuti azindinena pamjigo ndi pamaliro. Ndinapita kwa kapitawo n'kumuuza kuti malo anga apereke kwa wina, ine ndidzaphunzira poona anzanga akabwera. Chimanga cha chaka chimenecho tinadya n'kutha, lero palibe amene amachikumbukira. Anzanga anabwera ndi mabuku, ndi mawu atsopano, ndi manja odziwa, ndipo ine, amene ndinawaphunzitsa kukwera pholo, ndinasanduka wosuzumira pamapewa awo. Ndinkaona chimene manja awo akuchita, koma chifukwa chake sindinkachimva, ndipo manyazi a ukulu ankandiletsa kufunsa. Ndinaphunzira faiba mosuzumira, Hawa, ndipo zonse zimene ndikuuze tsopano zinachokera pamenepo.

Choyamba ndinaipinda. Kopa ndi wofatsa, umapinda mmene ukufunira, umapota nsonga ziwiri pamodzi, mawu n'kumadutsa. Tsiku lina tinkamalizitsa ntchito mu ofesi ina pa boma, ndipo ulusi unatsala wautali. Ine ndi ukhondo wanga wa kale ndinaukulunga pa chala, kukhala kamkombero kakang'ono kokongola, n'kuumanga ndi tepi kuti bokosi litsekeke bwino. Sunaduke, ndinaupenda ndekha. Koma mu ofesi yonseyo intaneti inkangokwawa, ndipo anzanga anayenda msewu wonse kufunafuna pamene pavuta, mpaka mmodzi anatsegula bokosi langa lija, anamasula kamkombero kaja, zonse n'kuyenda. Kuwala sikukhota mwadzidzidzi, ukakupanikiza pangodya kumatayikira panja. Palibe amene anandikalipira. Anangotseka bokosi n'kuyamba nkhani ya mpira, ndipo bola akanandikalipira. Iwe ukafika kumeneko uzifunsa chifukwa cha chilichonse. Akati usapinde, funsa chifukwa. Akati pukuta nsonga usanalumikize, funsa chifukwa, ngakhale mphunzitsi atope nawe. Sukupita kukakhala mtsikana waulemu wa kumbuyo kwa kalasi, ulemu wausiya kuno wokwanira.

Za tizidutswa mwina m'buku muli, koma wolemba bukulo sankaganiza za ife amene timadya ndi manja. Polumikiza faiba umasenda ulusi, n'kudula nsonga ndi kachipangizo kake kuti ikhale yosalala, kenako makina amawotcherera nsonga ziwirizo pamodzi. Kachidutswa kodulidwako ndi galasi, ndipo kakagwa sukaonanso. Ine ndinkangosesa ndi dzanja patebulo ngati nyenyeswa za buledi. Tsiku lina titamaliza ntchito ndinagula chinangwa chophika kwa mayi wina pamsewu, n'kukhala pomwepo kumadya. Mulungu anandisunga, kachidutswa sikanalowe m'mimba, kanalowa m'chala chachikulu ichi, ndipo kanakhalamo mpaka chala kutupa, kumangolasa ndikagwira khasu. Mayi ako anakafunafuna ndi singano mpaka kutopa. Choncho tizidutswa uzititola ndi tepi n'kutitsekera m'kabotolo. Pamalo podulira usadyerepo, usamwerepo ngakhale madzi. Nthawi ya swala ikakwana, samba m'manja kaye bwinobwino usanayambe wudhu, kudziyeretsa kokonzekera mapemphero kuja, chifukwa madzi amenewo amapita kumaso. Hijabu yako uziimanga mothina, nsonga zake uzilowetse m'ovololo, isamakhudze patebulo n'kutola magalasi. Ndipo wina akadzakuuza kuti hijabu ndi ntchito imeneyi siziyendera limodzi, umufunse ngati kuwala kumayang'ana pamutu pa wolumikiza.

Ndinalolanso kuthamangitsidwa ndi phokoso la anthu. Giredala yokonza msewu inadula chingwe chachikulu cha kuno, boma lonse n'kungoti zii. Mabanki anatseka mawindo, mafoni osalira, ogula nsomba ochokera ku Limbe akungozungulira pamsika osatha kuyankhula ndi mabwana awo. Tinamanga tenti pambali pa msewu, anthu n'kutizungulira ngati pachitika ngozi. Aliyense ankafunsa kuti timaliza liti, wina mpaka anabwera atavala tayi kudzatilozera wotchi. Anzanga analumikiza timaulusi kamodzikamodzi, kalikonse ndi kanzake ka mtundu womwewo, ine ntchito yanga inali yotseka bokosi la malumikizo ndi kulikwirira. Mafoni atayamba kulira anthu anaomba m'manja, ine n'kutengeka, ndinamanga mabawuti mwachangu osaona kuti labala wotchinga madzi wakhala mopotoka. Mvula yoyamba itagwa bokosilo linadzaza matope, ndipo tinabwerera pamalo omwewo kukayambiranso, tsopano popanda woomba m'manja. Anthu akamakuwa, manja ako aziyenda mmene amayendera nthawi zonse. Izi ndikunena za pamsewu, ndikunenanso za pakhomo pano.

Tsiku linanso ndinaseka anthu. Pali katochi kamene amakalumikiza kunsonga ya ulusi pofuna kuona pamene pathyoka. Kamatulutsa kuwala kofiira, ulusi n'kumaoneka psuu. Tinali m'mudzi wina mumsewu wa ku Monkey Bay, titatsegula dzenje pafupi ndi mjigo. Sitinapereke moni kwa aliyense, tinangotsika galimoto n'kuyamba ntchito ngati kwathu. Amayi otunga madzi anaona amuna achilendo atagwira kapayipi kowonda kofiira kotuluka pansi, ndipo mmodzi anafunsa, "Kodi abambo, amenewo si magazi?" Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko n'kumene kunaitana amuna a m'mudzimo, ena atanyamula nkhafi, ndipo mawu oti anamapopa anali atayamba kale kuyenda m'gululo. Tinapulumuka chifukwa mnzanga wina, mmodzi mwa amene anapita kusukulu kuja, anavula chipewa, anapereka moni kwa aliyense payekha, n'kupatsa mayi uja katochi kuti ayatse ndi kuzimitsa yekha. Mayiyo anayatsa, anazimitsa, anayatsanso, n'kunena kuti, "Ndiye mukanangonena." Chingwe chimadutsa m'minda ya anthu ndi pakhomo pa anthu, Hawa. Amene mwawapatsa moni n'kuwafotokozera ndi amene adzachilondera, amene mwawaseka adzachikumba poganiza kuti muli kopa. Uli ndi Chiyao, uli ndi Chichewa, uzigwiritse ntchito zonse ziwiri usanatsegule dzenje. Munthu wamantha usamuseke.

Tsopano diso. Nkhaniyi aliyense kwa Mponda amainena mmene akufunira, ena amati ndinalodzedwa, ena amati galasi linandilasa. Imva kwa mwini wake. Tinaitanidwa ku kanyumba ka makina patsinde pa nsanja ina, kumene chingwe chochokera kutali chimafikira. Kuwala koyenda mtunda wautali amakuwonjezera mphamvu panjira kuti kusafooke, koma izi ndinazidziwa pambuyo pake. Ndinazula pulagi imodzi ndikuganiza kuti nsonga yake yada, ndinaiyang'ana chapatali n'kuona mdima. M'mutu mwanga munali katochi kofiira kaja. Ndinkati kuwala kukakhalamo kumaoneka, kukapanda kuoneka ndiye kuti chingwe chafa. Mnzanga anali atatuluka kukayankha foni. Ndinatenga kagalasi kakale kokulitsira zinthu m'bokosi la zipangizo, ndinakaika padiso lakumanzere, n'kusuzumira m'nsongamo mofatsa, monga ndinkachitira ndi lilime. Sindinamve kupweteka, sindinaonenso chilichonse. Ndikubwerera kunyumba ndinkangoona ngati ntchentche yatera pakati pa diso, n'kumaiingitsa ndi dzanja. Ntchentcheyo sinachoke mpaka lero, inangokula. Dokotala wa maso anati m'kati munapsa, ndipo anandifunsa ngati kusukulu sanatiuze kuti kuwala koyenda m'faiba maso a munthu sakuona. Anzanga aja anawauza, Hawa. Tsiku loyamba lenileni anawauza, ine ndili kuno ndikupalira chimanga.

Ndiye amalume ako akamati faiba inandidya diso, ndimamva ngati ndiphulike. Faiba sinandidye diso. Anzanga amene anapita kusukulu akuigwirabe mpaka lero, ndipo amalowetsa okha ulusi pasingano. Diso langa linapita chifukwa ndinakhala pamene ndinayenera kupita, ndipo mawu amene anandikhazika ndi omwewa akufuna kukukhazika iwe. Ndinawamvera kamodzi, kachiwiri ayi. Choncho lamulo ndi ili, ndipo ulisunge ngati dzina lako. Nsonga ya faiba usaisuzumire, kaya akuuza kuti azimitsa, kaya wakuuzayo ndi bwana, kaya uli pachangu. Yesa ndi mita kaye. Chingwe chilichonse uzichitenga kuti chili moyo mpaka mita ikuuze. Ndabwereza dala, ndipo mawa kudepoti ndibwerezanso, uchite manyazi pamaso pa anthu ngati ukufuna.

Anenanso china amalume ako, kuti ntchito imeneyi ilibe tsogolo, poti malo ogona alendo ku Chembe aika timbale toyang'ana kumwamba ndipo intaneti ikutsika popanda chingwe. Mawu amenewo ndinawanenapo ine nsanja zitabwera, ndipo wamva mmene ndinanamira. Zakumwambazo nazo zimatera pansi penapake n'kukalowa m'chingwe. Iwe wemwe unandiwerengera kuti mu kaulusi kamodzi amayendetsamo kuwala kwa mitundu yambiri nthawi imodzi, mtundu uliwonse ndi katundu wake, moti ngalande imene inakumbidwa kale sifunika kuikumbanso, amangosintha makina a kunsonga, chingwe chomwecho n'kusenza zochuluka. Unandiuzanso kuti kwina akuyesa ulusi wa mphako m'kati kuti kuwala kuzithamanga mumpweya. Ine ndinayamba ndi anthu awiri pa mawaya awiri, ndipo tsiku limene unandiuza zimenezo chakudya sichinandilowe ndi nsanje. Amalume akowo Lachisanu lililonse akachoka ku swala ya Juma amakhala pakhonde kumaonerana nkhope ndi ana awo a ku Joni, mano onse panja. Akuganiza kuti nkhopezo zimabwera pa njinga? Zimadutsa m'ngalande imene ili kutsogolo kwa sitolo yawo, m'mabokosi ena amene ndinakwirira ine.

Ndikuuze chifukwa china chimene ndikukukankhira. Chingwe chimenechi chimadutsa pakhomo pathu, koma sichiima. Chimapatukira kumabanki, kumaofesi ndi kumahotela. Kwathu ku Katuli achemwali anga akafuna kundiimbira amakwera pachulu, ndipo wodwala amamunyamula pa njinga yamoto msewu wonse woipa uja kudzangoonetsa dokotala chinthu choti chikanatumizidwa pa chithunzi. Tsiku lidzafika loti faiba idzalowa m'nyumba ngati mpopi wa madzi, ine ndilibe chikayiko. Funso ndi lakuti idzayambira nyumba za ndani. Amene amajambula mapu a kumene chingwe chipatukire ndi anthu amene anapita kusukulu, ndipo ambiri a iwo Katuli amangomumva pa wailesi. Ndikufuna pa tebulo lojambulirapo mapulo padzakhale munthu wodziwa fumbi la msewu umenewo. Sindikukunamiza kuti ukafikira pa tebulopo. Uyambira m'dzenje, matope m'mawondo, amuna akukuyesa ngati ungathe kusuntha chivundikiro cha simenti. Ena adzakutuma tiyi. Kawiri katatu ukhoza kuwaphikira mwa umunthu, koma tsiku limene adzakupatse ketulo iwo n'kutenga makina, ketuloyo uiike pansi.

Zina ndi zazing'ono. Ku Blantyre kumazizira, si ngati kuno, ndiye juzi langa lakuda lija utenge, ndilibe nalo ntchito. Swala usasiye ngakhale uli kutchire ndi gulu la pantchito. Katoni yoyera imakwana kuswalirapo, ine ndinaswalira patsinde pa mapolo osawerengeka. Anyamata adzakuuza kuti maso ako ndi okongola. Uwayankhe kuti ukudziwa, n'chifukwa chake ukuwasamala, n'kupitiriza ntchito. Mayi ako uziwaimbira iwe, usamadikire kuti akuimbire, ndipo akafunsa za ntchito uziwafotokozera zenizeni, usamangoti zili bwino. Akamvetsa mmene umadzitetezera adzayamba kugona.

Amalume ako usawade, ndipo usawaseke. Ndi iwo amene ananditengera kuchipatala cha maso pa galimoto yawo ya nsomba, ndipo anakhala nane pabenchi tsiku lonse osadya. Anaona okha dokotala akupukusa mutu. Mantha awo ndi enieni, kungoti awaloza kolakwika. Mawa m'mawa upite ukagwade, uwatsanzike ndi mawu onse aulemu amene unaphunzira. Akakupatsa dzanja, Alhamdulillah. Akakufulatira, udzuke, usanse fumbi m'mawondo, ubwere kuno. Chikwama chako ndinyamula ine, ndipo sitidzera njira ya kuseri kwa manda ngati akuba. Tidzera pamsewu, kutsogolo kwa sitolo yawo, kunja kutayera, ndipo ndichoka kudepoti basi itanyamuka.

Za nyumbayi usasenze. Inde, njerwa ndinaumba ndekha, malata ndinakhoma ndi manja anga, ndipo sindikunamiza kuti kuchoka kungandikomere. Zaka zonse za ukulu wanga zathera pano. Ndikaganiza zokwera lole ya ku Katuli ndi mphasa ndi bokosi la zipangizo, munthu wa imvi ndi diso limodzi, kukagogoda kwa achemwali anga ngati mnyamata wolephera banja, ndimasowa tulo. Ndikuopa, ndipo ndalemba kuti udziwe. Koma pali chimene ndikuopa kuposa pamenepo, ndicho kukhala pakhonde lino ndikukuona ukupita kumjigo chaka ndi chaka, ndikudziwa kuti unakhala pofuna kundisungira denga. Nyumba yotero sindingagonemo. Ukakhala, Hawa, ndichoka ndekha popanda wondithamangitsa, ndiye udzakhala utataya koleji ndi bambo pamodzi. Wamva?

Ndimati ndimalize apa ndi duwa, pemphero lokutsanzika nalo, koma mayi ako andipeza. Akhala pamphasa, andifunsa chimene ndikulemba, ndipo ndawawerengera zonse kuyambira pamwamba mpaka pa lole ya ku Katuli. Sanandidule mawu. Ukudziwa kuti dzulo sananene kanthu pamaso pa achimwene awo, ndipo ine ndimaganiza kuti ali mbali yawo, kungoti ndinalibe mtima wowafunsa. Nditamaliza ati, "Lembani izi mmene ndikunenera, musakometse." Ndiye ndikulemba mmene anenera.

"Hawa, achimwene ndi eni mbumba, sindikukana. Koma mlendo ameneyu anabwera kwa ine, sanabwere kwa iwo, ndipo tsiku loti amange katundu ndidzanena ndine. Mawa kudepoti ndipita nawo. Koma diso la bambo ako ndinkatsuka ndi manja angawa, ndiye usaganize kuti ndikukulola mosangalala."

Ndawafunsa, moseka, ngati pamenepa akutanthauza kuti ndikukhala. Sanaseke. Ati nkhani yanga adzaigamula ukadzabwera pa Idi, akadzakugwira chibwano n'kuwerenga maso ako.

Ndiye wadzimvera wekha. Pita, ukaphunzire zonse, ubwere ndi maso onse awiri. Allah akutsogolere ndi kukusunga.

Ndine bambo ako,
Saidi